Ulendo wa labala: Kuchokera pakhungwa la mtengo kukafika patayala

Aliyense amene wayendapo pamsewu wa m'mbali mwa nyanja, pakati pa Chintheche ndi Nkhata Bay, amawadziwa malo amene dzuwa limazimiririka mwadzidzidzi. Galimoto imalowa mumthunzi wa mitengo italiitali yobzalidwa m'mizere yowongoka, ndipo m'mphepete mwa msewu mumatulukira anyamata akunjanjitsa mipira paphula pofuna kukopa apaulendo. Mipirayo si ya m'sitolo. Ndi yokulungidwa pamanja ndi timizere ta utomoni wouma, ndipo ikagunda pansi imalumpha kuposa mutu wa mwini wake.

Apa ndi pa esiteti ya Vizara, pomwe dziko lino limalima mitengo ya labala, amene ena amati mphira. Okwera minibasi ambiri amangosirira mthunziwo n'kudutsa, osaganizako kuti matayala amene awanyamulawo ali pachibale ndi mitengoyo.

Komatu labala ali paliponse. Wakabaza pa Mponela, mayi wovala patapata pa Lunzu, namwino wovala magolovesi pachipatala cha Ntaja, mnyamata wa legeni kudambo, onsewa akudalira chinthu chimodzi. Mpope wa mjigo ukasiya kukoka madzi, nthawi zambiri chimene chatha ndi kalabala kakang'ono ka m'kati. Chigayo chikaduka lamba, mudzi wonse umabwerera kumtondo.

Padziko lonse anthu amagwiritsa ntchito matani pafupifupi 30 miliyoni a labala pachaka. Wosakwana pang'ono theka amachokera kumitengo ngati ya ku Vizara, pomwe wotsalayo alibe chochita ndi mtengo uliwonse. Amapangidwa m'fakitale kuchokera kumafuta a pansi, omwe aja amatipatsa petulo ndi dizilo.

Ntchito ya m'bandakucha

Mtengo wa labala, umene akatswiri amautcha Hevea brasiliensis, kwawo ndi kunkhalango ya Amazon ku South America. Umafuna kotentha, kwa chinyontho, komwe mvula imafika mamilimita 2,000 pachaka kapena kuyandikira pamenepo. N'chifukwa chake m'dziko muno udakhazikika ku Nkhata Bay, limodzi mwa maboma a mvula yambiri. Ku Lilongwe, komwe mvula simafika ngakhale mamilimita 1,000 zaka zambiri, mtengowu sungapindule.

Ulimi wake si wa anthu opupuluma. Mbande amaimezanitsa ndi diso la mtengo wodziwika kuti umatulutsa utomoni wambiri, monga momwe alimi amachitira ndi mango kapena malalanje. Ikabzalidwa, pamapita zaka 6 kapena 7 mwini munda akungopalira osaona khobidi. Mtengo umayamba kuchekedwa pokhapokha thunthu lake likafika masentimita 50 pozungulira.

Ocheka mitengo amalawira nkhuku zisanatsike, ena ndi tochi pamphumi. Sachita izi pothawa dzuwa chabe. Usiku mtengo umakhala utamwa madzi ambiri ndipo timitsempha ta m'khungwa lake timakhala titafufuma, choncho ukachekedwa m'bandakucha utomoni umatuluka mwamphamvu. Dzuwa likakwera, masamba amayamba kutaya madzi, mphamvu ija imachepa, utomoni n'kumangodontha pang'onopang'ono.

Kucheka kwake n'komwe kumasiyanitsa katswiri ndi wophunzira. Mpeni wake ndi wopindika kunsonga, ndipo umasenda kachikhungwa kopyapyala, kosaposa mamilimita awiri, motsetsereka kuchokera kumanzere m'mwamba kutsikira kumanja, kuzungulira theka la thunthu. Mbali imeneyi sadangoisankha. Timitsempha ta utomoni sitidaime chilili m'khungwamo, tidapendekera pang'ono kumanja pokwera, ndiye mpeni wotsetsereka kuchokera kumanzere umadula timitsempha tambiri nthawi imodzi.

Kuzama kwa mpeni ndiye pagona nkhani. Ukapita pamwamba kwambiri, utomoni wambiri umatsalira m'kati. Ukazama mopitirira, umavulaza kachikopa kanthete kamene kali pakati pa khungwa ndi thabwa, komwe n'kumene khungwa latsopano limamerera. Wocheka amayenera kuima pafupifupi milimita imodzi asanafike pamenepo, ndipo muyezo wake ndi dzanja basi. Mtengo wovulazidwa umamera zotupa, ndipo pamalo potero sipachekekanso bwino ngakhale patapita zaka. Choncho munthu mmodzi wa dzanja lolemera atha kuwononga m'miyezi yochepa chuma chimene chimayenera kudyetsa anthu kwa zaka 25 kapena 30.

Utomoniwo, woyera ngati mkaka, umatsata mzere wochekedwawo, n'kudutsa pakachitsulo kokhomedwa pakhungwa, n'kugwera m'kapu yomangiriridwa pathunthu. Umayenda kwa maola awiri, atatu kapena anayi, kenako umaundana pabalapo n'kudzitsekera wokha monga amachitira magazi. Munthu mmodzi amacheka mitengo 300 mpaka 500 m'mawa umodzi, akamaliza n'kubwerera poyambira paja ndi ndowa kudzakhuthula makapu. Mtengo uliwonse umapumula tsiku limodzi kapena awiri usanachekedwenso.

Mvula ya m'mawa ndi mdani wa ntchitoyi, chifukwa madzi oyenderera pathunthu amakokolola utomoni n'kuumwaza. Kamodzi pachaka mitengo imayoyola masamba, ndipo nyengo imeneyo zokolola zimatsika. Zonse zikawerengedwa, mtengo umodzi umapereka makilogalamu atatu kapena anayi a labala wouma pachaka chathunthu. Hekitala imodzi, yokhala ndi mitengo 400 mpaka 500, imatulutsa pakati pa tani imodzi ndi matani awiri.

Kuchoka m'ndowa kupita m'belo

Zimene zili m'ndowa zija si labala yekhayekha. Pa malita 100 aliwonse, labala weniweni amakhala gawo limodzi mwa magawo atatu, kwinako ndi madzi ndi tina ndi tina. Utomoni ukangosiyidwa umasasa ngati mkaka, kununkha, n'kuundana mwachisawawa pasanathe tsiku. Pofuna kuti ukafike kufakitale uli wamadzimadzi, amathiramo amoniya pang'ono.

Kufakitale njira zimagawikana. Njira yakale, imene alimi ang'onoang'ono a ku Asia amaitsatabe, ndi yosefa utomoni, kuusungunula ndi madzi, n'kuthiramo asidi wotchedwa formic acid. Pakapita maola angapo pamwamba pamayandama chinthu chofewa ngati chambiko cholimba. Chimenechi amachipsinja pamakina a mikombero iwiri kuti madzi atuluke, mpaka chisanduke chipepala chokhuthala chokhala ndi mizeremizere. Zipepalazo amaziyanika m'nyumba ya utsi kwa masiku angapo, ngati momwe alimi a fodya wa chikopa amachitira. Utsiwo umaumitsa labala, umamuteteza kunkhungu, n'kumupatsa mtundu wofiirira.

Mafakitale akuluakulu masiku ano amakonda njira ina. Labala woundana, pamodzi ndi zotsalira zimene zimaumira m'makapu, amamuduladula tizidutswa, kumutsuka kangapo kuti mchenga ndi makungwa zichoke, kumuumitsa ndi mpweya wotentha, kenako kumupanikiza m'mabelo a makilogalamu 33 kapena 35. Belo lililonse limapimidwa kuchuluka kwa zinyalala, ndipo mtengo wake pamsika umatengera pamenepo. Kamchenga kamodzi kotsalira m'tayala la lole n'kokwanira kuyambitsa mng'alu.

Njira yachitatu ndi ya utomoni umene sufunika kuundana n'komwe. Umenewu amauzunguza pamakina othamanga kwambiri kuti madzi ena apatuke, mpaka labala afike magawo 60 pa 100 aliwonse, n'kuutumiza m'mathanki. Ndiwo umapanga magolovesi a kuchipatala, mabaluni ndi makondomu. Zikombole zagalasi kapena zadothi amaziviika muutomoniwo, kuziumitsa, kuziviikanso, kuzitenthetsa, kenako n'kuvula kachikopa kopyapyala kamene kamatirirapo.

Munthu amene adafa ndi ngongole

Anthu a ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo adayamba kusewera mpira walabala zaka zoposa 3,000 zapitazo. Azungu atamuona adachita naye chidwi, koma kwa nthawi yaitali adasowa chochita naye. M'chaka cha 1770 katswiri wa ku England, Joseph Priestley, adalemba kuti kachidutswa kake kamafufuta bwino zolemba za pensulo, ndipo dzina la Chingerezi limene lidabala mawu athu oti labala lidachokera pakufufutako. M'chaka cha 1823 Charles Macintosh wa ku Scotland adayamba kupanga majasi osalowa mvula.

Vuto lidali loti labala wosakonzedwa amasintha ndi nyengo. Kukatentha amanata ndi kununkha, kukazizira amauma gwa n'kumathetheka. Makampani ena a ku America amene adathamangira kupanga nsapato zalabala m'zaka za m'ma 1830 adagwa makasitomala atawabwezera katundu wosungunuka.

Charles Goodyear, wogulitsa zitsulo amene bizinesi yake idali itagwa kale, adaika moyo wake wonse pavutoli. Adasakaniza labala ndi chilichonse chimene adachipeza, akulowa ndi kutuluka m'ndende kaamba ka ngongole, banja lake likugona ndi njala. M'chaka cha 1839 adapeza kuti labala wosakaniza ndi sulufule akatenthedwa mokwanira sasungunukanso, sanata, ndipo kuzizira sikumuumitsa. Chiphaso cha umwini wa njirayi adachilandira mu 1844, koma chuma chake adadyerera ndi ena. Adamwalira mu 1860 ali ndi ngongole zosaneneka. Kampani ya matayala ya Goodyear idakhazikitsidwa mu 1898, patatha zaka 38 iye ali m'manda, ndipo idangotenga dzinalo pomulemekeza.

Chimene chimachitika m'katimo asodzi angachimvetse msanga. Labala adapangidwa ndi tizingwe titalititali tosaoneka ndi maso, topiringizana ngati ulusi wotayidwa m'dengu. Ukakoka, tizingweto timawongoka, ndipo ukasiya timabwerera kukapiringizana. Koma poti sitidamangane, kukatentha timatererana n'kumwazikana. Sulufule amagwira ntchito ya mfundo: amamanga kachingwe aka ndi ako apa ndi apo, ulusi uja n'kusanduka ukonde. Ukonde umatamuka koma subalalika. Sulufule wochepa, magawo awiri kapena atatu pa 100, amapereka labala wofewa wa tayala. Akachuluka kufika magawo 30 kapena kuposa, mfundo zimathinana moti pamatuluka chinthu cholimba ngati nyanga, chimene kale amapangira mabokosi a mabatire a galimoto.

Misozi ya ku Congo

M'chaka cha 1888 dokotala wa ziweto wa ku Belfast, John Boyd Dunlop, adakulunga chubu chopopa mpweya pamikombero ya kanjinga ka mwana wake kuti kasamagwedeze. Pasanathe zaka khumi, njinga za matayala opopa zidadzaza Ulaya ndi America, galimoto nazo zili m'njira. Labala adasanduka golide.

Nthawi imeneyo minda ya labala idali isanakhwime. Yense amachokera kutchire, ku Amazon ndi muno mu Africa, komwe amamukama kumitengo yoyanga ya mtundu wa Landolphia. Ku Congo, dziko limene Mfumu Leopold II ya ku Belgium idalilamulira ngati munda wake kuyambira 1885 mpaka 1908, mudzi uliwonse udapatsidwa mlingo wa labala woti upereke. Mudzi wolephera amauwotcha, amayi amawagwira chikole mpaka amuna awo atabwera ndi madengu odzaza, ndipo asilikali amadula anthu manja. Akatswiri a mbiri yakale amawerengera kuti anthu amene adafa ndi nkhanza, njala ndi matenda m'zaka zimenezo adali m'mamiliyoni. Amwenye a m'chigawo cha Putumayo ku South America adaona zofanana, pomwe amalonda a mumzinda wa Manaus ku Brazil amamanga nyumba ya zisudzo ya miyala yochokera ku Ulaya, imene idatsegulidwa mu 1896.

Kuno kwathu mitengo yoyangayi idaliponso, ndipo umodzi mwa mitundu yake, Landolphia kirkii, udatchedwa dzina la John Kirk, dokotala amene adayenda ndi David Livingstone mumtsinje wa Shire. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 labala wakutchire adali m'gulu la katundu amene Nyasaland imagulitsa kunja, koma malondawo sadakhalitse chifukwa mitengoyo idatha ndi kudulidwa. Atsamunda adayesanso kubzala mtengo wina wochokera ku Brazil, wachibale wa chinangwa, wotchedwa Ceara. Phindu lake lidali lochepa, koma mtengowo udatsalira m'midzi, ndipo mpaka lero ena amathyola masamba ake n'kusinja ngati chigwada. Mitengo ya Hevea ya ku Vizara, imene kampani ya African Lakes, yodziwika kuti Mandala, idayamba kuilima m'nthawi ya atsamunda, ndiyo idapirira.

Chimene chidathetsa malonda a labala wakutchire padziko lonse chidali chitachitika kale mwakachetechete. Mu 1876 Mngelezi wina, Henry Wickham, adatuta njere 70,000 za Hevea ku Brazil n'kupita nazo ku Kew Gardens ku London. Zimene zidamera sizidakwane 3,000. Mbandezo zidatumizidwa ku Ceylon, komwe lero ndi Sri Lanka, ndi ku Singapore. Kumeneko Henry Ridley, amene adakhala mkulu wa munda wa zomera wa boma kuyambira 1888, adakonza kachekedwe kosapha mtengo kamene kafotokozedwa kale kaja, n'kumanyengerera alimi kuti abzale mpaka anthu adamutcha wamisala. Pofika 1913 minda ya ku Asia idali itapitirira Brazil.

Mpaka lero labala wambiri wachilengedwe amachokera kumeneko. Thailand ndiyo ili patsogolo, ndipo Indonesia ndi Vietnam nawo ndi akuluakulu. Muno mu Africa dziko la Côte d'Ivoire lakwera kwambiri, moti likukolola matani oposa 1 miliyoni pachaka, pomwe ku Liberia kampani ya Firestone ili ndi esiteti yaikulu kuyambira 1926. Chodabwitsa n'choti labala woposa magawo 80 pa 100 aliwonse amalimidwa ndi alimi wamba a mahekitala awiri kapena atatu, osati maesiteti. Alimi amenewa amalira ngati anzawo a fodya kuno. Kumayambiriro kwa 2011 kilogalamu imagulidwa pamtengo woposa madola 6 a ku America, anthu n'kuthamangira kubzala. Mitengoyo isanayambe n'kuchekedwa komwe, mtengo udali utatsika kufika pansi pa madola awiri.

Kwawo kwenikweni kwa mtengowu minda ikuluikulu imakanika. Ku Amazon kuli chiwawu cha masamba chimene chimafalikira msanga mitengo ikabzalidwa moyandikana. Henry Ford, mwini kampani ya galimoto, adatsegula munda waukulu kumeneko mu 1928 n'kuutcha Fordlândia, koma adausiya mu 1945 atataya ndalama zankhaninkhani. Matendawa sadafikebe ku Asia, ndipo poti mitengo yambiri ya kumeneko ndi zidzukulu za njere zochepa za Wickham zija, akatswiri amaopa kuti atangofika angasese minda yonse.

Nkhondo idabala labala wa m'fakitale

Ajeremani, amene adalibe maiko otentha okwanira kuwapatsa labala, ndiwo adalimbikira kufufuza njira ina. Mu 1909 Fritz Hofmann wa kampani ya Bayer adalandira chiphaso cha labala woyamba wopangidwa ndi mankhwala. Adali wosalimba, koma pofika 1929 akatswiri a kampani ya IG Farben adatulukira mtundu wabwino wotchedwa Buna S. Nayenso labala ameneyu ali ndi mbiri ya magazi: pankhondo yachiwiri ya dziko lonse kampaniyo idamanga fakitale ya Buna pafupi ndi Auschwitz pogwiritsa ntchito akaidi, ndipo zikwizikwi adafera pantchitoyo.

Kumayambiriro kwa 1942 Japan idalanda Malaya ndi zilumba zimene lero ndi Indonesia. America idadzidzimuka itataya magawo 90 pa 100 a labala amene imadalira, pomwe ndege, akasinja ndi malole a nkhondo zonse zimafuna matayala. Boma lidalamula oyendetsa galimoto kuti asapitirire mamailosi 35 pa ola pofuna kusunga matayala, lidatolera labala wakutha khomo ndi khomo, n'kusonkhanitsa makampani opikisana kuti agawane zinsinsi zawo. Pofika 1945 dzikolo limapanga matani oposa 700,000 a labala wa m'fakitale pachaka.

Kapangidwe kake kamatsanzira mtengo. Mafuta a pansi akamayengedwa, pamapezeka mpweya wotchedwa butadiene ndi madzi ena otchedwa styrene. Amatenga magawo atatu a woyambayo ndi gawo limodzi la wachiwiriyo, n'kuzivundula m'thanki ya madzi a sopo pamodzi ndi mankhwala oyambitsa ntchito. Tizidutswa ting'onoting'ono timayamba kugwirana, zikwizikwi pamzere umodzi, mpaka titasanduka tizingwe titalititali tija. Zotuluka m'thankimo ndi madzi oyera ngati mkaka, osasiyana m'maonekedwe ndi a m'kapu ya ku Vizara. Nawonso amawaundanitsa ndi asidi ndi mchere, kuwaumitsa, n'kumanga mabelo. Ameneyu ndiye SBR, labala wa m'fakitale wochuluka kuposa onse.

Ubwino wa fakitale ndi woti munthu amasankha khalidwe limene akufuna. Labala wa butyl, amene adatulukiridwa mu 1937, satulutsa mpweya msanga, choncho ndiye amapanga machubu ambiri akuda a njinga ndi galimoto. Wa nitrile saopa mafuta, ndipo amapanga mapaipi a petulo, masilo a injini ndi magolovesi a buluu aja amene amathandiza anamwino omwe khungu lawo limayabwa ndi labala wamtengo. Wa EPDM amapirira dzuwa ndi mvula, ndipo ndi amene amazungulira magalasi ndi zitseko za galimoto. Makaniko amene adayesapo kulumikiza paipi ya petulo ndi chidutswa cha labala wamba amadziwa chimene chimatsatira: chimafufuma, kufewa, n'kuyamba kudontha.

Nanga bwanji mitengo sidatayidwe? Patha zaka zoposa 100 akatswiri akuyesa, koma palibe labala wa m'fakitale amene wafika pa wamtengo pankhani yopirira katundu wolemera. Wamtengo akakokedwa kwambiri amadzilimbitsa yekha pamalo pomwe pakufuna kung'ambika, ndiponso satentha msanga akamapindikapindika paulendo wautali. N'chifukwa chake matayala a malole, mabasi, mathirakitala ndi ndege amakhala ndi labala wamtengo wambiri, pomwe a galimoto zing'onozing'ono amachulukira wa m'fakitale. Pafupifupi magawo 70 pa 100 a labala yense wamtengo amathera kumatayala.

Chifukwa chake tayala ndi lakuda

Labala payekha ndi woyera kapena wachikasu, ndipo matayala oyambirira adali otuwa. Kuda kwa tayala kumachokera ku mwaye wosalala kwambiri wotchedwa carbon black, umene makampani adayamba kuthira wambiri m'zaka za m'ma 1910 ataona kuti tayala lokhala nawo limayenda mtunda wotalika kangapo. Mwayewo umalimbitsa labala, umamwaza kutentha, komanso umamutchinga kudzuwa. Pakulemera kwa tayala, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu ndi mwaye umenewu pamodzi ndi ufa wa silica.

Kufakitale ya matayala, mabelo a mitundu yonse iwiri amaponyedwa m'chimakina chokanda ngati cha buledi, pamodzi ndi mwaye, mafuta, zinc oxide ndi mankhwala ochedwetsa kukalamba. Sulufule amalowa pomalizira, chifukwa akafulumira labala angapse ali m'makina momwemo. Phalalo amalipsinja kukhala malamba, ena n'kuwamatiza pansalu za nayiloni kapena polyester, ena pamawaya achitsulo. Zigawozi amazisanja pamgolo wozungulira mpaka patatuluka tayala losalala lopanda mapanga, lofewa moti chala chitha kudinda. Kenako limalowa m'chikombole chotentha madigiri 150 mpaka 180. Tayala la galimoto yaing'ono limapsa pamphindi 10 kapena 15, la lole limatenga nthawi yotalikirapo, pomwe matayala akuluakulu a kumigodi amatha maola ambiri. Mapanga ndi zolemba zonse za m'mbali zimadindidwa nthawi imeneyi.

Gawo limeneli la ntchito, lomwe ndi la ndalama zambiri, silichitika kuno. Labala wa ku Nkhata Bay wambiri amatuluka m'dziko muno ali m'mabelo, ndipo matayala atsopano a galimoto timaitanitsa kunja ndi ndalama zakunja zimene zimasowa kale. Kwacha ikagwa, mwini minibasi amayamba kuyang'ana kumatayala a kaunjika.

Zimene wogula ayenera kuyang'ana

Apa mpomwe nkhani ya tizingwe ndi mfundo ija imafika pakhomo. Labala amakalamba ngakhale asakugwira ntchito. Mpweya, dzuwa ndi kutentha zimadula tizingwe tina n'kuumitsa tina, ndipo tayala limene langokhala m'nyumba yosungira katundu zaka zambiri litha kukhala ndi mapanga akuya koma m'kati litafooka. Timing'alu ting'onoting'ono ta m'mbali ndi chizindikiro choyamba.

Tayala la galimoto limanena lokha zaka zake. M'mbali mwake muli mzere wa zilembo woyamba ndi DOT, ndipo kumapeto kwake kuli manambala anayi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Pakalembedwa 2319, ndiye kuti tayalalo lidapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Makampani ambiri opanga matayala amalangiza kuti tayala likakwana zaka zisanu liziunikidwa chaka ndi chaka, ndipo likafika zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino. Wogulitsa kaunjika amaloza mapanga, koma manambalawo ali pomwepo kwa amene akudziwa kuwerenga.

Mdani wina ndi mpweya wochepa. Tayala lopopa mosakwanira limapindika kwambiri m'mbali pakuzungulira kulikonse, kupindikako kumabala kutentha, ndipo kutenthako kumalekanitsa labala ndi mawaya. Minibasi yodzaza mopitirira, pamsewu wa ku Chikwawa m'mwezi wa Okutobala, ndi matayala akale opopa mwatheka, yasonkhanitsa zonse zimene zimaphulitsa tayala.

Nkhani ya mafuta nayo ili ndi mbali imene akuluakulu m'banja ayenera kuidziwa. Makondomu ambiri ndi a labala wamtengo, amene sagwirizana ndi mafuta. Vaseline, mafuta odzola ngakhale ophikira amafooketsa kondomu pamphindi zochepa chabe, n'kung'ambika mosavuta. A zaumoyo amalangiza zofewetsera zopanda mafuta, monga za madzi. Kusunga paketi padzuwa kapena m'thumba la kumbuyo kwa miyezi kumaikalambitsa tsiku lolembedwa papaketi lisanakwane.

Tayala likatha, mfundo za Goodyear zija zimasanduka vuto. Botolo la pulasitiki litha kusungunulidwa n'kuumbidwa china, koma labala wopsa ndi sulufule sasungunuka, amangoyaka, ndipo utsi wake wakuda uli ndi poizoni wowononga mapapo. Tayala lotayidwa kuseri kwa nyumba limasunga madzi a mvula momwe udzudzu umaswana. Maiko olemera amagaya matayala akale n'kusakaniza ndi phula la misewu, kapena kuwawotcha m'ng'anjo za simenti. Matayala a malole amene mkati mwake mukadali molimba amawaveka mapanga atsopano, ntchito imene makampani ena m'mizinda yathu amachita.

Kumsika wa pa boma lililonse kuli anthu amene adapeza yankho lawo kalekale. Ndi mpeni wakuthwa ndi chitini cha madzi onyowetsera mpeniwo, amasenda tayala n'kutulutsa nkhwaira zimene mlimi amavala zaka zingapo osazitha, mabushi a galimoto, zomwera nkhuku ndi zingwe zomangira denga. Chubu chotha kumatidwa zigamba amachilenga malegeni, ndipo malegeniwo ndiwo amanga matumba a makala ndi mitolo ya nzimbe pakaliyala wa njinga m'misewu yonse ya dziko lino.

Mtengo nawo sutayidwa. Ukafika zaka 30, khungwa lochekeka litatha ndipo utomoni utachepa, amaugwetsa n'kubzala wina. Kale thunthu lake limangothera kunkhuni. Lero amalicheka matabwa oyererako, kuwaviika m'mankhwala oletsa chiswe ndi nkhungu, kuwaumitsa m'ng'anjo, n'kupanga mipando, matebulo ndi zitseko, ndipo ku Vizara nakonso matabwa otere amachekedwa. Pamalo pamene padagwa mtengo wakale pamalowa mbande yomezanitsa, imene mpeni udzaikhudze koyamba pakatha zaka 6 kapena 7.